Mpando wa MHRC sukusowa wigi ya jaji

Ine ndine namwino, sindine loya, ndipo za malamulo ndimazidziwa monga mmene munthu wamba amazidziwira, powerenga pakati pa usiku odwala akagona. Koma pali nkhani imene yakhala ikundidya mumtima chichokereni ku chisangalalo chathu cha pa 6 July, ndipo ndaona kuti ndikangokhala chete ndifera kuuna ngati mbewa yamanyazi.

Amene munalipo mukukumbuka kuti titatha kudya, abambo anaunjikana chakukhomo kuja n'kuyamba za kumudzi monga mwa nthawi zonse. Bambo ena amene ndimawalemekeza kwambiri, munthu wophunzira ndithu, ananena mokweza kuti vuto la bungwe lathu loona za ufulu wachibadwidwe, la Malawi Human Rights Commission, ndi lakuti pampando pake pamatha kukhala aliyense. Anati lero wansembe, mawa wolimbana ndi mitengo ya sopo ndi shuga, mkuja kaya ndani. Maganizo awo anali akuti lamulo lisinthidwe, linene mosabisa kuti wapampando azikhala jaji wopuma pantchito, makamaka wochokera ku khoti la Supreme, ngati mmene amachitira ku India. Anthu anagwedeza mitu kuvomereza. Ine ndinali ndi mapoto m'manja, shifiti ya usiku ikundidikira, choncho sindinayankhe. Bambo, yankho langa ndi lino, ndipo mundikhululukire poti ndalibweretsa pagulu. Nanunso paja munalankhulira pagulu.

Tiyambe ndi zimene lamulo likunena, chifukwa ambirife timakangana tisanaliwerenge. Bungweli linakhazikitsidwa ndi malamulo oyendetsera dziko a 1994, m'mutu 11, ndime 129 mpaka 131, ndipo lamulo lofotokoza kagwiridwe kake ka ntchito linadza mu 1998. Mamembala ake alipo 9. Awiri amalowamo chifukwa cha maudindo awo, amene ndi Ombudsman ndi Law Commissioner, mkulu wa bungwe lounika malamulo. Ena 7 amachokera m'maina amene mabungwe apereka. Awiri aja ndiwo amaona kuti ndi mabungwe ati amene ali ndi mbiri yabwino ndipo akuimiradi Amalawi, kenako amapititsa maina kwa pulezidenti, amene ntchito yake ndi yongowakhazika paudindo mwamwambo. Akalumbira, makomishonala amakhala pansi n'kusankha okha wapampando pakati pa anthu 7 aja. Nthawi yawo ndi zaka 3. Palibe pamene lamulo likuti wapampando akhale jaji kapena akhale ndi digiri ya malamulo.

Ine ndikuti amene analemba zimenezi anaganiza bwino pawiri. Anakana kupatsa pulezidenti mphamvu yoloza wapampando ndi chala, ndipo anakana kutsekera mpandowo m'khola la anthu a ntchito imodzi. Tisaiwale kumene anali kuchokera. A Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lathu, anali atangofera kundende ya Zomba mu 1992, atagamulidwa kuti aphedwe pamodzi ndi mayi Vera Chirwa ndi khoti la mafumu mu 1983. Chaka chomwecho cha 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi anaphedwa, boma n'kunena kuti inali ngozi ya galimoto ku Mwanza. Nthawi yonseyo makhoti analipo, majaji analipo, mawigi analipo. Ine ndinali kamtsikana ka ku pulaimale, koma ndikukumbuka mayi anga akubwezedwa pachipata cha msika chifukwa cha khadi ya chipani. Anthu otuluka m'zaka zimenezo ankadziwa kuti udindo waukulu ndi kulimba mtima ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Komanso ndime 130 ikunena momveka kuti bungweli silidzagwira ntchito ya khoti ngakhale ya Nyumba ya Malamulo. Siligamula milandu. Ntchito yake ndi kulandira madandaulo, kufufuza, kulowa m'ndende ndi m'zitokosi za apolisi ngakhale osapangana nawo tsiku, kulemba zimene laona, ndi kuzinena poyera ngakhale zikuwawa. Imeneyi ndi ntchito ya mapazi, ya maso ndi ya pakamwa. Jaji anazolowera kukhala pamwamba, nkhani zikumupeza zitakonzedwa kale m'mafayilo, ndipo mwambo wa ntchito yake umamuphunzitsa kusalankhula ndi atolankhani. Ndi mwambo wabwino kukhoti. Koma wapampando wa MHRC amene amadikira kuti nkhani imupeze, ndiye kuti amayi a kumudzi amene sadziwa ngakhale kumene kuli ofesi yake sadzamuona mpaka kalekale.

Tsono za wa sopo ndi shuga uja. Tonse tinadziwa kuti mukunena a John Kapito, mkulu wa bungwe loona za ufulu wa ogula la CAMA, ndipo anthu anaseka. Ine sindinaseke. Pa 20 July 2011 Amalawi anatuluka m'misewu kudandaula za kusowa kwa mafuta, kusowa kwa ndalama zakunja ndi ulamuliro wa malemu Bingu wa Mutharika. Anthu 20 anafa, ambiri a iwo ku Mzuzu. Ife kuno tinali pa mafoni usiku wonse kufunsa ngati abale ali moyo. Masiku amenewo aliyense wodya ndalama ya boma ankayeza mawu asanatsegule pakamwa. Wapampando wa MHRC anali a Kapito, ndipo bungwe lawo linanena poyera kuti apolisi anaombera anthu ndi zipolopolo zenizeni. Pulezidenti anawakwiyira, osabisa. Mu March 2012, akukonzekera ulendo wa ku Geneva, apolisi anawamanga powanamizira za ndalama zakunja ndi zinthu zimene ankati n'zoukira boma. Munthu amene analumbiritsidwa ndi boma lomwelo, akuyendera galimoto ya boma lomwelo, anasankha kuima ndi maliro a ku Zolozolo. A Kapito ali ndi zofooka zawo, pakamwa pawo nthawi zina pamathamanga kuposa nkhani, ndipo pali zambiri zimene ine sindigwirizana nawo. Koma lamulo limene inu mukufuna likanakhalapo mu 2011, munthu ameneyu sakanaloledwa ngakhale kupikisana nawo. M'zaka zoyambirira bungweli linatsogozedwa ndi wansembe, bambo Alfred Nsope, ndipo naonso lamulo lanulo likanawatsekera kunja.

Mwina mukuti chitsanzo chimodzi sichikwanira. Chabwino, tiyang'ane mbali inayo, chifukwa zimene mukufunazo tinaziyesa kale kwathu konko. Malamulo athu amati wapampando wa bungwe loyendetsa zisankho azikhala jaji. Mu 2019 pampandopo panali mayi Jane Ansah, jaji wa khoti la Supreme, maphunziro awo osakayikitsa. Chisankho cha chaka chimenecho ndi chija cha tipeksi, chimene khoti linachithetsa pa 3 February 2020, ndipo khoti la Supreme linavomereza chigamulocho mu May chaka chomwecho. Amene anachithetsa analinso majaji, 5, amene ankapita kukhoti ataperekezedwa ndi asilikali. Wigi yomweyo inatipatsa zonse ziwiri. Ndiye kuti chimene chinasiyanitsa anthuwa si wigi. Mu 2025 mayi Ansah anaima ngati wachiwiri kwa a Peter Mutharika ndipo anapambana. Ndi ufulu wawo, sindikuwaletsa, koma amene amaganiza kuti jaji ndi munthu amene ndale sizimufika aganizenso.

Za ku India ndazimva kwambiri, poti theka la anamwino a mu wodi yathu ndi ochokera ku Kerala, ndipo pa tiyi wa 3 koloko m'mawa timakamba zonse, za malowolo, za mitengo ya nyumba, ndi za ndale zomwe. Lamulo lawo la 1993 linkati wapampando wa National Human Rights Commission akhale munthu amene anakhalapo jaji wamkulu wa dziko lonse. Likamveka koyamba limakoma. Koma taonani mmene limagwirira ntchito. Jaji wa khoti lalikulu ku India amapuma ali ndi zaka 65, ndipo pampando wa bungweli munthu sapitirira zaka 70. Choncho anthu oyenera mpandowo nthawi zina ankakhala awiri kapena atatu m'dziko la anthu oposa biliyoni imodzi. Mu 2009 mpando unakhala wopanda mwini kwa chaka chathunthu mpaka a K. G. Balakrishnan atapuma ku khoti mu 2010. Choipa kwambiri n'chakuti jaji amene watsala pang'ono kupuma amadziwa kuti kutsogoloku kuli mpando wa malipiro abwino, nyumba ndi galimoto, ndipo amadziwanso amene amagawa mpandowo. Komiti yosankha ili ndi anthu 6: nduna yaikulu, nduna ya zam'dziko, sipikala, wachiwiri kwa wapampando wa nyumba yachiwiri ya malamulo, ndi atsogoleri awiri a mbali yotsutsa. Werengani nokha. Anayi amakhala a mbali ya boma, awiri ndi ongoperekeza.

Wapampando wawo woyamba, a Ranganath Misra, ndi amene anafufuza za kuphedwa kwa Asikh mu 1984, kafukufuku amene ambiri anamudzudzula kuti anayeretsa chipani cha Congress, ndipo atachoka pampando wa za ufuluwo anakalowa m'nyumba ya malamulo pa tikiti ya chipani chomwecho mu 1998. Mu 2019 boma la a Narendra Modi linasintha lamulo kuti jaji aliyense wa khoti lalikulu athe kukhala wapampando, n'kuchepetsa nthawi kuchoka pa zaka 5 kufika pa 3. Woyamba kupindula anali a Arun Mishra mu 2021, jaji amene mu 2020, akadali pantchito, anatamanda a Modi pagulu mpaka maloya anzake anachita manyazi. A Mallikarjun Kharge a mbali yotsutsa analemba kuti sakugwirizana nazo, koma zinangolowa m'fayilo. Mu December 2024, posankha a V. Ramasubramanian, a Kharge ndi a Rahul Gandhi analembanso zokana, ndipo zinalowanso m'fayilo. Bungwe la padziko lonse limene limayeza mabungwe oterewa, la GANHRI, linaimitsa kaye kuvomereza bungwe la India mu 2023, n'kuteronso mu 2024, ndipo china mwa zifukwa zake chinali kasankhidwe ka mamembala kosaonekera poyera. Mmodzi mwa apampando awo, a H. L. Dattu, amene anali jaji wamkulu, ananena yekha kuti bungwe lake lili ngati kambuku wopanda mano. Bambo, ndi kumeneko mukufuna tikaphunzire?

Ndisanamveke ngati ndikuti kuno kwa azungu ndiye kuli nzeru, ndinene za kuno. Wapampando wa Equality and Human Rights Commission, imene inayamba ntchito mu 2007, amasankhidwa ndi nduna ya boma. Aphungu amamufunsa mafunso poyera asanayambe ntchito, koma mawu awo samanga nduna. Mu 2025 makomiti awiri a nyumba ya malamulo anakana kuvomereza mayi Mary-Ann Stephenson, boma linawasankhabe. Ndalama za bungweli zinatsika kuchoka pa mapaundi 70 miliyoni pachaka pamene linkayamba kufika pa mapaundi pafupifupi 17 miliyoni. Pa nkhani ya amene amasankha wapampando, lamulo la Malawi ndi labwino kuposa la Britain, ndipo ndikunena izi mutu uli m'mwamba. Ku Zimbabwe, kumene kuli abale athu ambiri, lamulo limafuna loya wa zaka 7 pantchito, koma wosankha ndi pulezidenti. A Reginald Austin anatula pansi udindo kumapeto kwa 2012 podandaula kuti bungwe lilibe zipangizo ndi ufulu wogwirira ntchito, ndipo analowa m'malo mwawo anali a Jacob Mudenda, loya ndithu, komanso mkulu wa chipani cha ZANU-PF.

Koma musaganize kuti ndalemba kudzatamanda lamulo lathu. Lili ndi matenda, kungoti bambo aja anapima molakwika. Wodwala akudandaula m'mimba, iwo akumanga bandeji kumwendo.

Nthenda yoyamba ili pa anthu awiri aja. Malamulo akuwapatsa mphamvu yonse yoona kuti bungwe ili n'loyenera kupereka dzina, ili ayi, ndipo palibe amene angawafunse chifukwa. Ombudsman amasankhidwa ndi komiti ya aphungu ntchitoyo italengezedwa poyera, ndipo zimenezo n'zabwino. Law Commissioner amasankhidwa ndi pulezidenti atalangizidwa ndi bungwe loona za ntchito za majaji. Tsono theka la chipata lili m'manja mwa munthu amene anaikidwa ndi pulezidenti. Awiriwa akakhala anthu olimba, zinthu zimayenda. Akakhala ofooka, kapena mpando wa mmodzi ukakhala wopanda munthu, chipata chonse chimagwa. Lamulo labwino silidalira mwayi wakuti chaka chino tapeza munthu wabwino. Ndipo kusefako kumachitikira kuseri. Ndani mwa inu anamvapo pa wailesi munthu wofuna ukomishonala akufunsidwa kuti anachitapo chiyani pa ufulu wa anthu? Ndani anaonapo mndandanda wa onse amene anaperekedwa, ndi zifukwa zimene ena anagwera? Timangodzuka n'kumva chikalata chochokera ku ofesi ya pulezidenti ndi nduna zake. Ku South Africa ofuna mipando imeneyi amafunsidwa ndi komiti ya aphungu anthu akuonera. Sikuti zimatchinga zonse, paja a Lawrence Mushwana, amene anali phungu wa ANC, anakhala wapampando mu 2009, koma mwina anthu amadziwa chimene agula.

Apa mundilole ndinene za ntchito yanga. Kuti ine ndipereke panado kwa wodwala kuno, dzina langa liyenera kukhala m'kaundula wa Nursing and Midwifery Council, amene aliyense angamutsegule pa intaneti n'kuona ngati ndinapalamulapo. Zaka 3 zilizonse ndiyenera kuonetsa kuti ndagwira ntchito maola 450, ndaphunzira maola 35, ndalemba nkhani 5 zounika ntchito yanga, ndipo namwino mnzanga wakhala nane pansi n'kukambirana nane zimene ndalembazo. Timadandaula nazo, inde, koma cholinga chake n'chakuti wodwala asangokhulupirira yunifomu. Nanga bwanji munthu amene akukayang'anira ufulu wa Amalawi oposa 20 miliyoni alowe paudindo anthu osadziwa ngakhale mbiri yake?

Nthenda yachiwiri ndi ya mawu aja akuti pulezidenti amangowakhazika mwamwambo. Mwambo umatha kuchedwa. Munthu amene sakuloledwa kukana dzina angathe kungolikhalira, miyezi n'kumapita. Angathenso kuyesa kusintha mndandanda n'kuona ngati pali amene adzakuwe. Mu 2019 Ombudsman wa nthawiyo, mayi Martha Chizuma, anapita kukhoti kukatsutsa mmene makomishonala anasankhidwira, ponena kuti njira ya malamulo sinatsatidwe, ndipo bungweli linakhala miyezi yambiri lopanda makomishonala okwanira. Kumbukirani chimene chinali chaka cha 2019. Mu February a Buleya Lule anafera m'manja mwa apolisi akuwaganizira pa mlandu wosowetsa mnyamata wachialubino wa ku Dedza. Kuyambira pakati pa chaka misewu inadzadza ndi zionetsero. Mu October wapolisi anaphedwa ku Msundwe, ndipo apolisi atapita kukabwezera, amayi ndi atsikana a ku Msundwe, M'bwatalika ndi Mpingu anagwiriridwa. Chaka chimene dziko linkafuna bungweli lili lathunthu ndi chimene linali lopunduka. Ogwira ntchito ake ndi makomishonala amene analipo anayesetsa, malipoti anatuluka, ndipo mu August 2020 khoti lalikulu linalamula kuti amayi 18 alandire chipukuta misozi pa mlandu umene bungwe la maloya achizimayi linatengera kukhoti. Koma zinatheka chifukwa cha khama la anthu ochepa. Lamulo likanati pulezidenti akapanda kusaina pakatha masiku 30 maina aja alowa okha, ndipo akale asachoke atsopano asanalumbire, bwenzi mpata umenewu kulibe.

Yachitatu ndi zaka 3 zija. Pulezidenti amakhala zaka 5, Ombudsman zaka 5, koma komishonala zaka 3. Chaka choyamba akuphunzira ntchito, chachiwiri akugwira, chachitatu wayamba kale kuganiza ngati dzina lake lidzabwererenso. Munthu amene akufuna kubwerera amalankhula motsitsa mawu. Ku Kenya makomishonala amakhala zaka 6 kamodzi kokha, osabwereranso, choncho alibe chimene akunyengerera. Ine ndingakonde zoterezo. Ndingakondenso kuti wapampando asiye ntchito zina zonse pa nthawi imene ali pampando, azilipidwa mokwanira, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa. Ngakhale a Kapito amene ndawatamanda aja, adani awo ankapeza poponda ponena kuti sakudziwa ngati akulankhula ndi wa CAMA kapena wa MHRC.

Koma chimene chimandiwawa koposa ndi funso lakuti ndi mabungwe ati amene amapereka maina. Malamulo athu akuti akhale mabungwe amene ntchito yawo yonse kapena yaikulu ndi yolimbikitsa ufulu wa anthu. Mfundo za ku Paris, zimene United Nations inavomereza pa 20 December 1993 ndipo ndi muyeso wa mabungwe onse oterewa, n'zotambasuka kuposa pamenepo. Zimatchula mabungwe a ogwira ntchito, a madokotala, a atolankhani, a zipembedzo ndi masukulu aukachenjede. Mawu athu opapatizawa akutanthauza kuti bungwe la anamwino ndi azamba, la aphunzitsi, kapena la alimi a fodya lingathe kusiyidwa panja popanda wolakwa. Zotsatira zake, maina amazungulira pakati pa anthu omwewo a m'tauni, odziwana ku misonkhano ya m'mahotela a kunyanja. Ambiri ndi anthu abwino, sindikuwanyoza. Koma si okhawo amene amadziwa kumene ufulu wa munthu umaphwanyidwira.

Ndisanabwere kuno ndinagwira ntchito pa chipatala china cha boma, dipuloma yanga ikadali yatsopano. Usiku wina anabwera ndi mnyamata wochokera m'chitokosi, n'kumumangirira unyolo ku bedi. Mapazi ake anali otupa kunsi konse, moti sankatha kuponda, ndipo m'manja munali mabala ozungulira. Amene anamuperekeza anati anagwa pa lole pofuna kuthawa. Ine ndinali nditaonapo anthu ogwa pa lole. Munthu wogwa pa lole amasupuka mawondo, zigongono ndi nkhope. Satupa kunsi kwa mapazi onse awiri mofanana. Mnyamatayo sananene kanthu, ankangondiyang'ana. Womuperekezayo anaima pambali panga pamene ndinkalemba, ndipo ndinalemba kuti akuti anagwa. Mawu akuti akuti ndiwo anali kulimba mtima kwanga konse. Kusanache anabwera kudzamutenga, dokotala asanamuone. Dzina lake ndinaliiwala, koma mapazi aja sindinawaiwale.

Nthawi imeneyo MHRC inalipo kale. Ndinkaimva pa wailesi. Koma m'maganizo mwanga inali ya anthu a masuti ku Lilongwe, ndipo sizinandifikepo kuti namwino wa usiku angaimbe foni kumeneko n'kumvedwa, osachotsedwa ntchito. Mwina ndinalakwa, mwina akanandimvera. Koma pakanakhala munthu mmodzi pa bungwepo amene anavalapo yunifomu yoyera, amene bungwe lathu la anamwino linamutuma, ndikanadziwa khomo logogoda. Anthu oyamba kuona thupi la munthu wozunzidwa si majaji. Ndi ife, ndi azachipatala anzathu, ndi ogwira ntchito ku nyumba ya chisoni. Pa nkhani ya a Lule, chimene chinatsegula maso a dziko ndi kupima mtembo kumene anachita dokotala Charles Dzamalala, kumene kunaonetsa kuti munthuyo anazunzidwa ndi magetsi. Jaji amadzaona chithunzi patapita zaka, ngati fayilo sinasowe.

Ndivomereze pamene bambo aja akunena zoona. Bungweli limafuna anthu odziwa malamulo, makamaka tsopano pamene linasenzetsedwa katundu wina, woyang'anira lamulo la 2013 loti pasamakhale kusiyana pakati pa amuna ndi akazi, komanso lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma limene linayamba kugwira ntchito mu 2020. Lipoti lolembedwa mosasamala limagwa kukhoti, ndipo ozunza anthu amatuluka akuseka. Koma odziwa malamulo alimo kale. Law Commissioner ndi loya, a Ombudsman athu akhala maloya, ku ofesi kuli nthambi ya zamalamulo, ndipo pakati pa 7 aja sipalephera kukhala loya. A Justin Dzonzi anakhalapo pampandowo ndipo ndi loya. Jaji wopuma naye ngati bungwe lina lamupereka, anzake n'kumusankha, ine ndidzaomba m'manja. Chimene ndikukana ndi kutseka chitseko kuti alowe iye yekha. Majaji athu a khoti la Supreme ndi owerengeka, opuma amene akadali ndi mphamvu ndi ochepa kwambiri, ndipo tikatero tapatsa aliyense wa iwo chifukwa choyang'anira ku Kamuzu Palace zaka zake zomaliza pa benchi.

Ngati tikufunadi kulemba ziyeneretso m'lamulo, tilembe zimene zikukhudza nthendayo. Munthu amene wakhala paudindo m'chipani, kapena waimapo pa chisankho m'zaka 5 zapitazo, asaloledwe. Akachoka pampando, padutse zaka asanalandire ukazembe, unduna kapena mpando wa kampani ya boma, chifukwa chiphuphu china chimabwera ntchito itatha. Aulule chuma chake ndi mabungwe amene amamulipira. Maina onse operekedwa asindikizidwe m'nyuzipepala ndi kuwerengedwa pa wailesi m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, anthu apatsidwe masabata angapo onena zimene akudziwa. Ndipo mafunso achitike poyera. Ine funso langa lingakhale limodzi lokha, lakuti munalowapo liti m'ndende ya Maula kapena ya Chichiri, ndipo munaonamo chiyani? Khoti linanena kale mu 2009, pa mlandu wa a Gable Masangano, kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu n'kuzunza anthu, n'kupatsa boma miyezi 18 kuti lichepetse kuthithikanako ndi theka. Amene akufuna mpando wa za ufulu koma sadziwa fungo la m'chipinda chimene anthu amagona chokhala, digiri yake indithandiza chiyani?

Ena anena kuti ife tili kunja, zikutikhudza bwanji. Ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi, maliro timasonkha, ndipo mchimwene wako akatsekeredwa Lachisanu madzulo foni imalira kuno, osati kwa jaji. Ine ndayamba kale kulemba kalata yopita ku komiti ya zamalamulo ya Nyumba ya Malamulo, yopempha zinthu zinayi: mafunso a poyera, malire a masiku kwa pulezidenti, nthawi imodzi yotalikirapo yosabwereza, ndi kutsegulira mabungwe a ogwira ntchito kuti azipereka nawo maina. Ndidzabwera nayo ku msonkhano wathu wotsatira kuti amene akufuna asaine. Chingerezi changa ndi cha mu wodi, choncho ndidzafuna munthu wophunzira woti aikonze. Bambo, ndikudalira inu, ndipo ngati mukufunabe kuikamo za jaji, tidzakambirane pamenepo, koma ulendo uno mapoto atsuke ena.